Timapini Tiwiri pa Chitenje cha Amama

Amama anakhala zaka khumi ndi zinayi osakwera galimoto. Chiyambire tsiku limene lole ya fodya inagubuduzika pa kona ina ya msewu wa ku Magodi, atate anga ali pamwamba pa mabelo n'kufera pomwepo, Amama analumbira kuti chinthu cha injini sadzachipondanso. Kutchalitchi ankapita wapansi, kuchigayo pa ngolo ya ng'ombe, ndipo ukwati wanga ku Chipata anangoumva m'makutu. Tinawasiya, chifukwa Amama, aNyazimba, si munthu woti n'kumukankha. Koma kenaka maso awo anachita ng'ala. Anafika poti ng'ombe zawo ankazizindikira ndi kulira kokha, ndipo tsiku lina anathira mchere m'tiyi wa abusa. Achipatala atabwera kumudzi kudzapima anthu maso, anawalemba dzina n'kutipatsa tsiku la opaleshoni ku Chipata: Lolemba m'mawa. Anati tikaphonya, mndandanda ndi wautali, tidzadikira mpaka dzinja lina. Amama anavomera, koma anaika lamulo limodzi: galimotoyo isapendame.

Amuna anga, a Phiri, anaitenga nkhaniyi ngati mayeso a boma. Iwo ndi mphunzitsi wa sayansi, Mchewa wa ku Katete, munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba wakufotokozera mmene wotchi imayendera. Ali ndi galimoto yakale yokoka ndi mawilo onse anayi, imene anagula pa okushoni n'kuitcha Chipembere. Ndimawakonda, koma ndinene zoona: Chipembere akatsokomola amathamanga naye kwa makaniko, ine ndikatsokomola amandiuza kuti ndimwe madzi ofunda.

Tinanyamuka ku Chipata Loweruka kutangocha, mvula itagwa sabata yathunthu. Pa Mgubudu tinanyamula amake Taonga, mayi wa mpingo wathu amene amagulitsa mazira pa msika wa Lundazi. Anakhala kumbuyo, matileyi asanu ndi limodzi ali pamiyendo, chibwano atatsindikiza pa tileyi yapamwamba. A Phiri ankazemba maenje uku akutifotokozera chifukwa chimene tala amakumbika mvula ikagwa. Titangodutsa Lumezi, anafika pachimake pa phunzirolo, n'kusiya kuona msewu. Dzenje lina linali lodzaza madzi, likuoneka ngati kachithaphwi. Tinalowamo, pansi pa galimoto n'kumveka kuti khotyo!

Poyamba sipanaoneke vuto. Koma pa kona yotsatira Chipembere anagonera kumanzere, ine n'kupezeka ndatsamira chitseko, ndipo kumbuyo kunamveka phokoso limene wogulitsa mazira aliyense amalidziwa.

"A Phiri, mwamwa kuseni kuno?" anakuwa amake Taonga. "Onani mazila yanga, yatsikila mu nsapato!"

A Phiri anaima, nalowa pansi pa galimoto atavala malaya oyera amene ndinasita kuti akaonekere kwa apongozi. Anatuluka ali matope okhaokha, koma nkhope ili ngwee, ngati mphunzitsi amene wapeza mutu watsopano. Anatiuza kuti kutsogolo, pansi, kuli chitsulo chachitali chopindika chotchedwa sitebilaiza, chimene chimagwira mbali zonse ziwiri kuti galimoto isagonere mbali imodzi pa kona. Kumapeto ake onse kuli timikono tiwiri tolumikiza chitsulocho ku mawilo, amati malinki. Imodzi inali itathyoka. Pa zitsulo zonse za Chipembere chinathyoka chokhacho chimene Amama anatchula m'lamulo lawo.

Kuchoka pamenepo tinayenda pang'onopang'ono mpaka anthu a njinga ankatipitirira akutipatsa moni. Tinalowa mu Lundazi dzuwa lili paliwombo. Amake Taonga anatsika pa msika osatsanzika bwino, ndipo za mtengo wa ulendo palibe anazitchula.

Kuseri kwa msika, pansi pa mtengo wa mango, kuli a Mtonga, makaniko wamfupi amene amayankhula ndi waya pakamwa. Anasuzumira pansi pa Chipembere, nafunsa kumene tinkapita. Titati ku Magodi, kupitirira dambo la kwathu, kukatenga Amama odwala ng'ala, anaseka.

"Njila zilipo zitatu, bosi," anatero. "Yoyamba, tichotse chinsimbi chonse, titaye. Ambili amachita so."

"Yayi!" ndinayankha ine a Phiri asanatsegule pakamwa.

"Yachiwili, niike malinki yatsopano ya mabauti. Pa tala muzayenda monga a minisitala. Koma ku dambo kwanu kuja, wilo imodzi ikalowa mu mgelo, inzake izalendewela m'mwamba, chifukwa chinsimbi chizaigwila. Muzagona kwamene kuja."

A Phiri anatulutsa foni, naonetsa a Mtonga malinki ena onyezimira a kunja, otheka kumasula ndi dzanja, amene anakhala akuwasirira m'mavidiyo kwa chaka chathunthu. Anayamba kufotokoza mitundu yake. A Mtonga anamvetsera mwaulemu, kenaka anafunsa kuti akaitanitsa lero angafike liti. Atamva kuti mwezi ndi theka, anati, "Yazapeza ng'ala yabala ana."

Njira yachitatu inali m'thumba la saka kuseri kwa mtengo. Munali malinki awiri akale amene anachotsa ku galimoto ina ya alenje a kuchigwa, ogwira ntchito yomweyo ya pa foni ija, kungoti adzimbiri. Linki iliyonse imavalidwa pa kachitsulo kotuluka, n'kutsekedwa ndi kapini ka mphete, konga kamene kamagwira wilo la ngolo. Ukasolola kapini, linki imavuka, mawilo n'kumatsika ndi kukwera momasuka m'migelo. Ukafika pa msewu wabwino umabwezera. Safunsa anadya phula, ndiye ine ndinafunsa kuti kodi kapini kochepa choncho kangagwire galimoto yonse. A Mtonga anandiyang'ana ngati ndanyoza mwana wawo.

Ntchitoyo inatenga maola anayi. Malinkiwo anali aatali kuposa a Chipembere, ndiye a Mtonga anayeza ndi phesi la chimanga, nadula, napita kukawotcherera. Magetsi anathima. Tinadikira. Atayaka, wowotcherera anali atapita kukadya. Ine ndinalowa mumsika n'kugula zitenje ziwiri zofanana, za masamba obiriwira, china changa, china cha Amama, kuti tikalowe m'chipatala tikuoneka kuti ndife amodzi. Nditabwerako ndinapeza a Mtonga akupereka malamulo, a Phiri akulemba m'kabuku.

"Mukachotsa, chinsimbi muchimange m'mwamba na malegeni, chingadule paipi ya mabuleki. Pobwezela, imikani pa malo ya fulati, wina azigwedeza motoka kuti mabowo yakumane. Ndipo tumapini utu ni tothela. Mailo ni Sande, ine nizakhala ku Mphamba ku maliro. Mukataya, osanifuna."

Tinadutsa Mphamba, msewu wa miyala ukadali wabwino, Chipembere akukhota makona ataima chilili ngati msilikali. Pamene pamapatukira njira ya kwathu pali bwalo la mpira la sukulu. A Phiri anaima pamenepo, nalowa pansi, nasolola timapini, namanga chitsulo ndi malegeni, mphira zija amadula ku chubu. Anatuluka atanyamula timapinito m'manja awiri ngati mkate wa mgonero.

"Amake Dalitso, sungani utu. Moyo wa ulendo uno uli apa."

Ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu amachita ndi chinthu chofunika. Sindinaike m'chikwama, chifukwa chikwama chimaiwalika. Ndinamanga pa ngodya ya chitenje chimene chinali pamiyendo panga, mfundo ziwiri zolimba.

Za dambo sindinena zambiri. Walira mvula walira matope, ndipo matopewo tinawapeza. Koma a Mtonga sananame: mawilo ankalowa m'migelo n'kutuluka, ife pamwamba tili phee. Tinafika kumudzi dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Mlongo wanga Yotamu anatilandira, Amama ali pa mphasa pakhonde.

"Monile, Amama," ndinagwada.

"Yewo, mwana wane. Akweni afika makola?"

Pa Chitumbuka cha Amama, makola ndiye kuti bwino, ndipo akweni ndiye a Phiri, mkamwini wawo. Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana kumaso, sakhala mphasa imodzi, ndipo sayankhulana mwachindunji kupitirira moni. Choncho mphunzitsi uja amene sasowa mawu ananjuta patali, pafupi ndi nkhokwe, akuomba m'manja atayang'ana nkhuku. Ine ndinapereka shuga, sopo ndi chitenje. Amama anachisisita, nachinunkhiza, nachivala pomwepo.

Mawu amene a Phiri sakanatha kuuza apongozi anawatsanulira Yotamu. Anamutengera ku galimoto, mamita ochepa kuchoka pakhonde, n'kumuphunzitsa za sitebilaiza ndi mawu a m'kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi. Ndinamva akuti, "Popanda tumapini tuja, alamu, motoka iyi pa tala siingayende. Ingagone pa kona yoyamba." Amama anali pakhonde pomwepo, akusenda nyemba.

Lamulungu m'mawa Amama analengeza kuti kufika pa msewu waukulu apita pa ngolo yawo, chifukwa dambo amalidziwa ndi ng'ombe, osati ndi injini. Sitinatsutse. Yotamu anamanga ng'ombe ziwiri, Amama anakhala kumbuyo kwa ngolo miyendo ili lende, ine pambali pawo, ndipo Chipembere anatitsatira pa liwiro la ng'ombe. Anthu opita kutchalitchi ankaima n'kuvula zipewa, poganiza kuti ndi maliro. A Phiri anavutika koopsa. Kutsogolo kwawo kwenikweni kunali apongozi, ndipo munthu sungayendetse galimoto utayang'ana kumbali. Kwa maola awiri ndinkawaona akuyang'ana kumwamba, kenaka pansi, kenaka pagalasi, thukuta lili kamukamu.

Pa bwalo la mpira paja anaimika galimoto pakati penipeni, pamene panali posalala, natambasula dzanja. Ine ndinagwira ngodya ya chitenje changa. Panalibe mfundo. Ndinagwira ngodya zonse zinayi. Ndinakhuthula chikwama pa udzu, ndinakwezetsa mipando, ndinayamba kunamizira Yotamu. Masitolo a ku Lundazi anali otseka, a Mtonga anali ku maliro, ndipo Chipata inali kutali. A Phiri anayesa msomali umene anazula ku benchi ya sukulu, koma unkangogwedera m'bowo.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sanakalipe. Ankangozungulira galimoto akutsokomola. Kenaka anandikokera kuseri.

"Amake Dalitso, vitenje munagula vingati?"

"Viwili."

"Volingana?"

"Volingana. Nanga n'chifukwa chiyani mufunsa za vitenje pamene tili pa mavuto?"

"Ine sininaone kanthu," anatero akuyang'ana mtambo. "Sininayang'ane. Koma munthu wina, osati ine, amene anali kuyendetsa kumbuyo kwa ngolo, angakhale kuti anaona mfundo ilendewela penapake. Pa malo pamene iye sayenela kuyang'ana."

Ndinaseka mpaka misozi, pamene sipanali poseketsa. Bambo wa ana atatu, wadigiri, anali atadziwa kwa maola awiri kumene kunali timapini take, koma kunena kukanatanthauza kuvomera kuti anayang'ana m'chiuno mwa apongozi.

Ndinapita ku ngolo. Mfundo inalidi pomwepo, pa chiuno cha kumanzere, koma Amama anali ataifumbata.

"Amama, pa chitenje icho pali tunsimbi twa akweni. Ninamanga molakwitsa."

"Chitenje unanipatsa?"

"Ninakupatsani."

"Ndiye vonse vili pa chitenje ni vane. Nkhuku ukapatsa munthu, mazila ya m'mimba sulondola."

Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinatchula adokotala ndi mndandanda wawo. Amama anangoti popeza akweni anena okha kuti galimoto singayende popanda tinthu timeneti, ndiye basi, Mulungu wakana, Yotamu atembenuze ng'ombe. Apo m'pamene ndinazindikira kuti mfundoyo anaimva dzulo lomwe povala chitenje, ndipo phunziro la a Phiri linawauza chimene anagwira. Ndinayang'ana dzanja lawo. Linali litafinya mfundo ija ngati la mwana wamantha. Ukali wanga unathera pomwepo, ndipo ndinachita manyazi kuti ndakhala ndikuwerenga maola pamene mayi anga akuona lole ija.

Ndinabwerera kwa a Phiri. Iwo anavula chipewa, napita kutsogolo kwa galimoto, nagwada pa udzu atafulatira ngolo. Kenaka anayamba kuyankhula ndi Chipembere, mokweza.

"Iwe Chipembere, mvela. Lelo unyamula munthu wamkulu. Uziwa kuti lole ija inagwa chifukwa inasenza mabelo mpaka kumwamba, ndipo inathamanga pa kona. Iwe ulibe mabelo. Tumapini tuja tukabwela, tuzakugwila mbali zonse ziwili monga joko igwila ng'ombe. Ine nizayenda pang'onopang'ono. Pa kona iliyonse nizaliza hutala kuti munthu wamkulu aziwe kuti yabwela. Akakamba kuti ima, tizaima, olo pakati pa buliji. Nifuna akaone azukulu ake, Chipembere. Dalitso amuziwa na mawu chabe."

Aka kanali koyamba kumva amuna anga akufotokoza chinthu mwachidule. Kenaka Amama anatembenukira kwa ng'ombe ya kumanja, dzina lake Bantomu.

"Bantomu, umufunse mwenecho wa motoka. Tunsimbi utu tukasoloka pa njila, waziwa wuli?"

"Chipembere, uwauze kuti tuli na mphete yotseka."

"Bantomu, umuuze kuti mphete nayo ni chinsimbi. Wilo ya ngolo yane inachokapo na mphete yake. Nikaike nekha."

Yotamu analuma mlomo kuti asaseke. Tinawatsitsa Amama, tinayala mphasa pansi pa galimoto, ndipo a Phiri anasunthira kutali, kumbuyo kwa golo, kumene ankafuula malangizo kwa Chipembere. Yotamu anamasula malegeni. Amama anagona chagada, napapasa mpaka anapeza linki ndi kachitsulo kake. Mabowo sankakumana, ndiye ine ndi Yotamu tinayamba kugwedeza galimoto, anthu ochokera kutchalitchi ataima m'mbali mwa bwalo ndi mabuku awo a nyimbo. Kunamveka kuti tcha! Kenaka mbali inayo, tcha! Koma Amama sanatuluke. Tinamva nsalu ikung'ambika. Anang'amba timizere tiwiri m'mphepete mwa chitenje chatsopano chija, namanga mphete ya kapini kalikonse ku linki yake, ndi mfundo imene amamangira zikeyi, timitengo ta m'khosi mwa ng'ombe, pa joko. Anakoka kawiri, natuluka, nadzikuntha fumbi.

"Bantomu, umuuze kuti sono tingaluta."

Tinanyamuka. Amama anakhala kumbuyo, pakati, dzanja lina pa bondo langa, lina pa mpando wa kutsogolo. A Phiri analiza hutala pa kona iliyonse kuyambira Magodi mpaka Chipata, ndipo makona a msewu umenewo ndi ambiri. Pa Lundazi anthu ankaganiza kuti ndi ukwati. Pa Lumezi wapolisi anatiimitsa kufunsa chimene chavuta, ndipo atasuzumira n'kuona gogo atatsinzina akung'ung'udza nyimbo ya Chitumbuka, anangotikupiza dzanja. Tinaima kasanu ndi kawiri. Zikhadabo za Amama zinandisiyira zipsera pa bondo, koma Chipembere sanapendame, ndipo tinalowa mu Chipata dzuwa likulowa.

Opaleshoni inachitika Lolemba, diso limodzi kaye. Lachiwiri m'mawa anamwino anachotsa bandeji. Ndinali nditaima patsogolo pawo ndi Dalitso, tikudikira kuti atione. Anationa, anagwira Dalitso kumaso, anandiuza kuti ndakalamba. Kenaka anapempha kuti tiwatulutse panja.

A Phiri anali pa malo oimika magalimoto, ndipo ataona apongozi akubwera anatembenukira kukhoma. Amama anazungulira Chipembere mpaka kutsogolo, nagwada, nasuzumira pansi ndi diso lawo latsopano. Timizere tiwiri ta masamba obiriwira tinali pomwepo, tamatope, mfundo zili gwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Tuchoko nthena?" anatero, akudabwa kuchepa kwa timapinito. "Ine nimayesa ni vinsimbi vikulu."

Anadzuka, nasisita boneti, nayang'ana msana wa mkamwini wawo, umene unali ndi chigamba cha matope a ku Lumezi chimene sopo anachilephera.

"Chipembere," anatero Amama, "umuuze mwenecho kuti wayendeska makola. Umuuzeso kuti diso linyake likadali. Wazanitole pa khomo, ngolo yikhale."

A Phiri sanatembenuke. Ndinangoona mapewa akugwedezeka, ndipo patapita kanthawi anauza khoma kuti Chipembere wamva.